Mpando wa Mantua: mmene imfa ya duke wopanda mwana inaitanira nkhondo ku Italy

Pa Khirisimasi ya 1627, m'nyumba yachifumu ya mumzinda wa Mantua kumpoto kwa Italy, ukwati ndi maliro zinatsatizana usiku umodzi. Vincenzo II Gonzaga, duke wa Mantua ndi Monferrato, ali kayakaya, analola kuti Maria, mwana wa malemu mkulu wake, atulutsidwe m'nyumba ya asisitere kumene ankaleredwa n'kukwatiwa ndi Carlo wa ku Rethel, wachibale wochokera ku France. Patangopita maola ochepa Vincenzo anatsirizika. Zisanathe zaka zitatu mzindawo unali utafunkhidwa ndi asilikali, anthu ake ochuluka atatha ndi mliri.

Amene akuwerenga mbiriyi koyamba amadodoma pa mfundo imodzi. Wolowa m'malo ankadziwika, ndipo malemuyo anali atamutchula yekha asanafe. Nanga mafumu a France, Spain ndi Austria anatumiziranji asilikali zikwizikwi kukaphana chifukwa cha kadziko kakang'ono chotere? Kuti zimveke, tiyenera kuona malamulo amene ankayendetsa ulowam'malo m'mabanja olamulira a ku Italy, kumene magazi paokha sankakwanira kukhazika munthu pampando.

Duke sanali mwini dziko

M'dziko lake duke ankachita zonse zimene mfumu imachita: kudula misonkho, kusula ndalama, kuweruza milandu mpaka ya imfa, kusunga asilikali. Koma pamaso pa lamulo dzikolo linali feudo, kutanthauza dziko limene wolamulira wamkulu wapereka kwa banja lina kuti lizililamulira, banjalo n'kulumbira kuti lidzakhala lokhulupirika kwa iye. Ku Italy opereka mayiko otere anali awiri. Papa anali mbuye wa Ferrara ndi Urbino. Kaisara, mfumu yaikulu ya Holy Roman Empire imene panthawiyi inkachokera m'banja la Habsburg, anali mbuye wa Milan, Modena, Mantua ndi Monferrato.

A Gonzaga analowa m'dongosololi pang'onopang'ono. Mzinda wa Mantua anaulanda ndi lupanga mu 1328 kwa banja la Bonacolsi. Mu 1433 Kaisara Sigismund anapatsa Gianfrancesco Gonzaga udindo wa marquis, ndipo mu 1530 Kaisara Charles V anakweza Federico II kukhala duke. Ulemu uliwonse unkabwera ndi kalata yake, ndipo m'kalatamo ndi mmene munkalembedwa amene angalowe m'malo. Ya Mantua inkavomera ana aamuna okha, obadwa m'ukwati wovomerezeka, kutsata mzere wa bambo, woyamba kubadwa patsogolo.

Duke akamwalira, wolowa m'malo ankayamba ndi kulandira lumbiro la akuluakulu a mzinda ndi oyang'anira malinga. Kenako ankatuma kazembe kwa Kaisara kukapempha investitura, ndiko kulongedwa ufumu, ndipo pempholi linkayenera kufika chisanathe chaka ndi tsiku limodzi. Bwalo la Kaisara lotchedwa Reichshofrat linkafufuza zikalata za banjalo. Zikakhala bwino, kazembe ankalumbira m'dzina la mbuye wake, kulipira ndalama zimene ofesi ya Kaisara inkafuna, n'kubwerera ndi kalata yatsopano. Mwana akamalowa m'malo mwa bambo wake, zonsezi zinkangokhala mwambo. Zinkasanduka mlandu weniweni pamene nthambi yolamulira yauma, chifukwa apo woweruza ankapeza mpata woika zofuna zake pa sikelo.

Banja linkatha kutaya feudo m'njira ziwiri. Ikasowa mbewu yoyenera, dziko linkabwerera kwa mbuye. Duke akaukira mbuye wake, mlandu wotchedwa fellonia, dziko linkalandidwa. Katundu wa banja amene sanali mbali ya feudo, monga minda yogula, ndalama, miyala ya mtengo wapatali ndi zithunzi, ankatsata malamulo wamba a chuma cha masiye ndipo mwana wamkazi ankatha kumulandira. Za ku Urbino zikuonetsa bwino malire amenewa: duke womaliza, Francesco Maria II della Rovere, atamwalira mu 1631, dziko linapita kwa Papa, koma zithunzi zotchuka za banjalo zinatsata mdzukulu wake Vittoria ku Florence, kumene anakwatiwa m'banja la Medici.

Mayiko awiri, malamulo awiri

Muzu wa mavuto a Gonzaga unali wakuti ankalamulira mayiko awiri osayandikana, lililonse ndi lamulo lake. Mantua ili m'chigwa, yozunguliridwa ndi nyanja zimene mtsinje wa Mincio umapanga. Monferrato ndi dziko la mapiri ang'onoang'ono ndi minda ya mpesa, pafupifupi makilomita 200 kumadzulo, likulu lake Casale, m'mphepete mwa mtsinje wa Po. Pakati pa awiriwa panali dziko la Milan, lomwe linali m'manja mwa mfumu ya Spain.

Monferrato inabwera kudzera mwa mkazi. Mwamuna womaliza wa banja la Paleologo, limene linkalamulira dzikolo, anamwalira mu 1533. Federico II Gonzaga anali atakwatira Margherita Paleologa mu 1531, ndipo mu 1536 Charles V anagamula kuti dzikolo likhale la awiriwa. Sikanali koyamba. A Paleologo eniake analipeza dzikolo kudzera mwa mkazi: mwamuna womaliza wa nthambi ya banja la Aleramici imene inkalamulira dzikolo atamwalira mu 1305, linapita kwa mwana wa mlongo wake. Pachifukwachi akatswiri a malamulo ankati Monferrato ndi feudo imene ingadutsire mwa mkazi, pamene Mantua ayi.

Kwathu kuno timadziwa kuti pakati pa Achewa ufumu umatsata kuchikazi, mwana wa mlongo n'kulowa m'malo mwa amalume ake, pamene kwa Angoni a kumpoto umatsata kuchimuna. Taganizani munthu mmodzi atagwira maufumu awiri, wina wa mwambo uwu wina wa mwambo uwo: tsiku limene wamwalira, mipando iwiriyo ikhoza kulowera nyumba zosiyana popanda wina wolakwa. Fanizoli lisapitirire apo, chifukwa ku Monferrato mkazi ankangobwera pamene amuna a nthambi yolamulira atha, ndipo ngakhale apo panali mkangano wakuti ndi amuna ati amene ayenera kutha mkazi asanaitanidwe.

Banja la Savoy, loyandikana ndi Monferrato kumadzulo, silinakhutire ndi chigamulo cha 1536. Linkasunga zikalata zake: pangano la ukwati wa mu 1330 pakati pa Aimone wa ku Savoy ndi Iolanda Paleologa, komanso chuma cha ukwati wa Bianca wa ku Monferrato, amene anakwatiwa ku Savoy mu 1485, chimene ankati sichinaperekedwe chonse. M'mabanja amenewa chikalata sichinkakalamba. Chinkagona m'bokosi zaka 300, n'kudzuka tsiku limene asilikali apezeka.

Ana aamuna atatu, mdzukulu wamwamuna palibe

Lamulo lakuti woyamba kubadwa atenge zonse linali ndi chifukwa chake. Ludovico III Gonzaga atamwalira mu 1478, mbali zina za dziko zinagawidwa kwa ana aang'ono, ndipo m'magawo amenewo munaphuka timaufumu monga Bozzolo, Sabbioneta ndi Castiglione. Kugawagawa kotere kukanapitirira, Mantua ikanatha ngati makatani. Koma lamuloli linkasiya funso: ana aamuna enawo apite kuti? Ambiri ankalowa usilikali kapena mpingo, ndipo kukhala ndi kadinala m'banja kunali kothandiza kwambiri ku Rome. Ngozi yake inali yakuti mwana wolowa mpingo sakwatira, choncho tsogolo lonse la banja linkakolekedwa pa munthu mmodzi. Ngakhale kukana mpando kunkafuna chilolezo: Luigi Gonzaga wa ku Castiglione, amene Akatolika amamudziwa kuti Aloysius Gonzaga Woyera, anadikira chivomerezo cha Kaisara asanasiyire mphwake Rodolfo ulowam'malo mu 1585 n'kulowa chipani cha Ajezuiti.

Vincenzo I, amene analamulira kuyambira 1587 mpaka 1612, anaona yekha kulemera kwa nkhani ya mbewu. Ukwati wake woyamba, ndi Margherita Farnese, unathetsedwa mu 1583 chifukwa awiriwo sanathe kukhalira malo amodzi, ndipo mkaziyo anakakhala sisitere ku Parma. A Medici, asanapereke mwana wawo Eleonora mu 1584, anafuna umboni wakuti vuto silinali kwa mwamunayo, ndipo Vincenzo anayesedwa ndi mtsikana wina ku Venice pamaso pa mboni. Lero ingakhale nkhani yochititsa manyazi. Panthawiyo inali nkhani ya boma. Ukwati wachiwiriwu unabereka ana aamuna atatu amene anakula: Francesco, Ferdinando ndi Vincenzo. Aliyense akanati mpando wa Mantua wakhazikika.

Chaka cha 1612 chinagwedeza zonse. Vincenzo I anamwalira mu Febuluwale. Francesco IV analamulira miyezi khumi yokha: nthomba inatenga mwana wake wamwamuna kumayambiriro kwa Disembala, n'kutenganso iyeyo pa 22 mwezi womwewo. Anasiya mkazi wake Margherita wa ku Savoy ndi kamwana kakakazi ka zaka zitatu, Maria. Mantua inapita kwa Ferdinando popanda mkangano. Koma Carlo Emanuele I, duke wa Savoy, amene anali agogo ake a Maria akuchikazi, anati Monferrato ndi ya mdzukulu wake, ndipo mu Epulo 1613 analowa m'dzikolo ndi asilikali. Nkhondo yoyambayi inakoka Spain ndipo inatha mu 1617, Monferrato ikadali ya Gonzaga. Maria anatsala ku Mantua m'manja mwa bambo ake aang'ono, amayi ake n'kubwerera ku Turin okha. Mwanayo anali atasanduka chikalata chamoyo: womusunga ndiye wogwira Monferrato.

Ferdinando anali kadinala kuyambira 1607, koma sanali wansembe, choncho anatha kubweza chipewa chofiira kwa Papa kuti akwatire. Apa ndi pamene malamulo a mpingo analowerera m'malamulo a ulowam'malo. Msonkhano waukulu wa mpingo wa Katolika wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti ukwati ukhale wovomerezeka pokhapokha utamangidwa pamaso pa wansembe wa parishi, kapena amene iye wamuloleza, ndi mboni ziwiri. Mu 1616 Ferdinando anamanga ukwati wamseri ndi Camilla Faà, mtsikana wa m'nyumba yachifumu, ndipo anabereka mwana wamwamuna, Giacinto. Koma atafuna mkazi wa banja lolemera, ukwatiwo unayesedwa wosamangidwa bwino, ndipo mu 1617 anakwatira Caterina de' Medici. Camilla anathera m'nyumba ya asisitere ku Ferrara. Caterina sanabereke mwana wamoyo. Ferdinando anadzayesa kuti Kaisara avomereze Giacinto kukhala wolowa m'malo, koma sizinatheke: mwini wake anali atagwetsa kale ukwati umene ukanamuyeneretsa mwanayo.

Vincenzo wamng'ono anachita zofanana nazo, koma mobwerera. Anapatsidwa ukadinala mu 1615, ndipo chaka chotsatira anakwatira Isabella Gonzaga wa ku Novellara, mayi wamasiye womuposa ndi zaka 18. Papa Paul V anamulanda ukadinalawo. Zitaoneka kuti Ferdinando sabereka ndipo Isabella wapyola msinkhu wobereka, banja linafuna kuti ukwatiwo uthetsedwe, mpaka kumunamizira mayiyo kuti anamulodza mnyamatayo. Isabella anakadzipereka ku Rome ndipo anapezeka wosalakwa. Ukwati wa mkulu, umene unali ndi mwana, unagwa. Wa mng'ono, wopanda mwana, unakana kugwa. Ferdinando anamwalira mu Okutobala 1626, Vincenzo II n'kulamulira miyezi 14 akudwaladwala, ndalama zitasowa moti anayamba kugulitsa zithunzi za banja kwa Charles I wa ku England kudzera mwa wamalonda Daniel Nys.

Mlandu wa mwana wobadwa kunja kwa ukwati unali utaoneka kale pafupi pomwepo. Alfonso II d'Este wa ku Ferrara anamwalira mu 1597 wopanda mwana atakwatira katatu, n'kusiyira mpando Cesare d'Este, amene bambo ake anabadwa kwa Alfonso I ndi Laura Dianti. Papa Clement VIII anati ukwati wa awiriwo ulibe umboni, ndipo mu 1598 anatenga Ferrara. Kaisara Rudolf II anavomera Cesare yemweyo ku Modena ndi Reggio. Munthu mmodzi, magazi amodzimodzi, ambuye awiri, mayankho awiri.

Ankaufuna mpando ndani, ndipo ankati chiyani

Woyamba anali Carlo Gonzaga, duke wa Nevers ndi Rethel ku France, bambo ake a mkwati uja. Bambo ake a Carlo, Ludovico, anali mwana wa Federico II ndi Margherita Paleologa; anapita ku France ali mnyamata ndipo mu 1565 anakwatira Henriette de Clèves, mwini chuma cha Nevers. Potsata mzere wa amuna, panalibe wina wapafupi kuposa Carlo. Analinso mdzukulu wa Margherita Paleologa, choncho anali ndi ponena pa Monferrato, ndipo ukwati wa mwana wake ndi Maria unali wotseka mpata wotsalawo. Popeza awiriwo anali pachibale, panafunika chilolezo chapadera cha Papa Urban VIII, ndipo chinapezeka nthawi yake. Chimene sichinapemphedwe ndi chilolezo cha Kaisara. Ku Vienna kwa Kaisara ndi ku Madrid kwa mfumu ya Spain anamva za ukwati ndi za imfa zonse zitachitika kale, ndipo anaona kuti anyozedwa.

Wachiwiri anali Ferrante II Gonzaga, duke wa Guastalla. Iye anachokera kwa Ferrante I, mphwake wa Federico II, choncho ubale wake unali kutali ndi m'badwo umodzi, ndipo magazi a Paleologo analibe. Mphamvu yake inali kwina: anali munthu wokhulupirika wa a Habsburg ndipo ankaimira Kaisara pa nkhani za ku Italy. Mbali yake inkati nthambi ya Nevers inataya ufulu wake pamene Ludovico anamenya nkhondo kumbali ya France polimbana ndi a Habsburg. A Nevers akanatha kuyankha kuti Carlo mwini anavulala pa Buda mu 1602 akumenyera Kaisara polimbana ndi Aturuki.

Pa Monferrato panalinso Carlo Emanuele wa ku Savoy ndi zikalata zake zakale, komanso Margherita Gonzaga, mayi wamasiye wa duke wa Lorraine, mlongo wa malemu Vincenzo II. Funso lake linali lomveka: ngati dzikolo limadutsira mwa mkazi, wapafupi ndani, mlongo wa duke womaliza kapena mwana wa mkulu wake?

Spain inalibe chikalata chilichonse, inali ndi mapu. Asilikali ndi ndalama zopita kunkhondo yake ya ku Netherlands zinkatsikira pa doko la Genoa, kudutsa cha ku Monferrato kukafika ku Milan, n'kuoloka mapiri a Alps. Ku Casale kunali linga lamphamvu limene Vincenzo I anayamba kumanga mu 1590. Carlo, munthu wa mfumu ya France, atakhala duke, ndiye kuti Milan yapanikizidwa kum'mawa ndi kumadzulo. Bwanamkubwa wa Milan, Gonzalo Fernández de Córdoba, anagwirizana ndi Savoy m'masiku omwewo a Khirisimasi kuti agawane Monferrato, Spain itenge Casale.

Woweruza amene ali ndi mbali

Lamulo la feudo linali ndi njira yothetsera mkangano wotere, yotchedwa sequestro. Mbuye ankatenga dziko lolimbiranalo n'kuliika m'manja mwa nthumwi yake mpaka bwalo ligamule, kuti wina asapambane mlandu chifukwa chongofika msanga. Charles V anachita zomwezi ndi Monferrato pakati pa 1533 ndi 1536. Carlo wa ku Nevers anafika ku Mantua mu Januwale 1628 n'kuyamba kulamulira, ndipo mu Malichi Kaisara Ferdinand II analamula kuti mayiko awiriwo aperekedwe kwa nthumwi yake, Johann wa ku Nassau-Siegen.

Njirayi imayenda pamene onse akumukhulupirira woweruza. Ferdinand II anali pakati pa Nkhondo ya Zaka 30 ku Germany, ndipo ankadalira abale ake a Habsburg a ku Spain. Komanso mkazi wake, amene anamukwatira mu 1622, anali Eleonora Gonzaga, mlongo wa maduke atatu omwalirawo ndi azakhali ake a Maria, ndipo iyeyu ankafuna kuti nkhaniyo ithe mwamtendere. Carlo anaona kuti akatulutsa asilikali ake m'malinga, olowamo adzakhala a Spain, ndipo sadzatulukamonso. Anakana. Pokana anapatsa adani ake chimene analibe poyamba: tsopano akanatha kumutchula wosamvera mbuye wake. Koma asilikali a Spain ndi Savoy nawonso sanadikire chigamulo. Analowa m'Monferrato n'kuzinga Casale m'miyezi yomweyo.

Nkhondo ndi mliri

Córdoba ankayembekeza kuti Casale igwa France isanamasuke, pakuti Louis XIII ndi nduna yake Kadinala Richelieu anali otanganidwa ndi kuzinga mzinda wa La Rochelle. Casale sinagwe. La Rochelle inagonja mu Okutobala 1628, ndipo mu Malichi 1629 mfumu ya France inathyola chitetezo cha Savoy pa mpata wa Susa. A Spain anachoka pa Casale, asilikali a France n'kulowamo motsogozedwa ndi Toiras.

Spain inatumiza mkulu wa asilikali wake wotchuka, Ambrogio Spinola, kukazinganso Casale, ndipo Kaisara anatumiza gulu lalikulu motsogozedwa ndi Rambaldo di Collalto kukazinga Mantua. Gululi linatsika m'mapiri kumapeto kwa 1629 litanyamula mliri wa makoswe. France inalanda linga la Pinerolo mu Malichi 1630, koma inali kutali ndi Mantua, ndipo asilikali a Venice amene anabwera kudzathandiza anagonjetsedwa pa Valeggio mu Meyi. Pa 18 Julayi 1630 asilikali a Kaisara otsogozedwa ndi Aldringen ndi Gallas analowa mu Mantua n'kuufunkha masiku atatu. Carlo anathawira m'dera la Papa cha ku Ferrara. Ayuda a mumzindawo anathamangitsidwa. Nkhondo, njala ndi mliri zinatenga anthu oposa theka a Mantua, Giacinto uja ali m'gulu la omwalira. Mliriwo unasesanso Milan, Verona ndi Venice, kumene tchalitchi cha Santa Maria della Salute chinamangidwa pokwaniritsa lonjezo la nthawi ya mliriyo.

Otsogolera nawonso anatha. Carlo Emanuele anamwalira patangopita sabata Mantua itagwa, Spinola mu Seputembala, Collalto chisanathe chaka. Pa 26 Okutobala magulu a France ndi Spain atandandalika kuti amenyane kunja kwa Casale, nthumwi ya Papa, Giulio Mazzarini, inathamangitsa hatchi pakati pawo ikulengeza kuti mtendere wapanganidwa. Mnyamata ameneyu ndi amene anadzakhala Kadinala Mazarin, wolowa m'malo mwa Richelieu.

Chimene chinafewetsa Kaisara chinali kumpoto. Mu Julayi womwewo Gustavus Adolphus wa ku Sweden anali atafika ndi asilikali ku Germany, ndipo Ferdinand ankafuna gulu lake libwerere. Pangano la ku Regensburg la mu Okutobala 1630 Louis XIII anakana kulivomereza, koma la ku Cherasco la mu Epulo 1631 linagwira. Carlo anapepesa n'kulongedwa ufumu wa Mantua ndi Monferrato. Savoy inapatsidwa Trino, Alba ndi midzi yozungulira. Guastalla inalandira Luzzara ndi Reggiolo. France, mwa pangano lamseri ndi Vittorio Amedeo I, duke watsopano wa Savoy, inasunga Pinerolo, khomo lolowera ku Italy. Spain sinapeze kanthu, ndipo pamene inali yotanganidwa ku Italy, Adatchi anailanda zombo za siliva ku Matanzas mu 1628 ndi mzinda wa 's-Hertogenbosch mu 1629. Munthu amene anakhala pampando mu 1631 ndi yemweyo amene anatchulidwa mu 1627.

Nthambi ya Nevers inalamulira zaka pafupifupi 80. Mwamuna wa Maria anamwalira mu 1631 asanalawe mpando, ndipo apongozi ake atamwalira mu 1637, Maria anagwirizira ufumu mwana wake Carlo II mpaka 1647. Mdzukulu wa Maria, Ferdinando Carlo, analola asilikali a Louis XIV kulowa mu Casale mu 1681 posinthana ndi ndalama, n'kuwatsegulira Mantua mu 1701 pa nkhondo yolimbirana mpando wa Spain. Uwu tsono unali mlandu wa fellonia woonekeratu. Anamulanda dziko, ndipo anamwalira ku Padua mu 1708 wopanda mwana wa m'ukwati. Mantua inapita ku Austria, Monferrato yonse ku Savoy. A Gonzaga a ku Guastalla, amene tsopano anali apafupi potsata amuna, sanapatsidwe Mantua, ndipo nthambi yawo inatha mu 1746.

Zimene zikadali zotsutsanirana

Pangano la ku Cherasco linathetsa nkhondo, koma silinali chigamulo cha bwalo pa mfundo za malamulo. Funso la Monferrato linangokwiriridwa ndi ukwati. Maria akanakwatiwa ndi mwana wa Savoy kapena wa Habsburg, kodi ufulu wake ukanaposa wa Carlo, mwamuna wa nthambi yapambali? Ndipo pakati pa iye ndi azakhali ake a ku Lorraine, lamulo likanasankha ndani? Mbiri ya dzikolo ikupereka zitsanzo za 1305 ndi 1536, koma m'zitsanzo zonsezo mkazi ankabwera nyumba yolamulira Monferrato itatha amuna, pamene mu 1627 amuna a magazi a Margherita Paleologa analipo.

Akatswiri a mbiri amasiyananso pa za Ferdinand II. Ena amaona sequestro ija ngati njira yoona yotetezera ulamuliro wa Kaisara ku Italy, ndi kutchinga Spain yomwe kuti isadzitengere Casale. Ena amati inangopereka chofunda cha lamulo ku nkhondo imene Milan inali itayamba kale. Chimodzimodzi ku Madrid: kodi Olivares, nduna yaikulu ya Philip IV mfumu ya Spain, anaifuna nkhondoyi, kapena anangovomereza zimene bwanamkubwa wake anali atachita, poganiza kuti Casale igwa m'miyezi yochepa?

Pali mkangano winanso pa Carlo mwini. Akanayamba wapempha chilolezo cha ukwati, kapena akanapereka malinga kwa nthumwi ya Kaisara, mwina Mantua ikanapulumuka; mwinanso sakanalowamo n'komwe. Ngakhale za zithunzi sizinagwirizanitse anthu. Anthu a ku Mantua anakwiya pamene zinkagulitsidwa, ndipo zojambula zikuluzikulu za Mantegna zosonyeza chigonjetso cha Julius Caesar, zimene Carlo anagulitsa pofuna ndalama za nkhondo, zinakafikira ku Hampton Court ndipo zili ku England mpaka lero. Ena amati mzindawo unaberedwa chuma chake pa mtengo wolira, ena amati zikanatsala zikanagwera m'manja mwa ofunkha a mu 1630.

Funso lalikulu pa onse ndi la kulemera kwa nkhondoyi m'mbiri ya Europe. Pali amene amati apa ndi pamene mphamvu za a Habsburg zinayamba kupendekeka, popeza asilikali a Kaisara anali ku Italy pamene Sweden inkafika, ndipo Spain inataya chuma ndi ulemu popanda phindu. Ena amayankha kuti a Habsburg anadzapambananso kwambiri pa Nördlingen mu 1634, ndipo nkhondo yeniyeni ya France ndi Spain inayamba mu 1635, choncho za ku Mantua zinali chiyambi chabe cha mkangano umene ukanabuka ndithu, kaya Vincenzo II akanasiya mwana wamwamuna kaya ayi.